Katemera wa Munthu Mmodzi

Ku msasa, Nkhalango ya Niassa, Mozambique
21 Januwale 2024

Okondedwa achemwali a Selina,

Moni wochokera kuno kuthengo. Ndikhulupirira muli bwino inuyo, alamu a Januario ndi mwana wanga Tadala. Ine ndili bwino, kungoti udzudzu wa kuno ulibe ulemu.

Musadabwe kulandira kalata ya pamanja. Kuno kulibe netiweki ngakhale ukwere mumtengo. Foni ilipo imodzi, ya setilaiti, ndipo imakhala m'bokosi la aphunzitsi anga a Dokotala Ramsey. Koma ndapeza njira. Amene amatibweretsera chakudya ndi mafuta ndi a Haruna, dalaivala wa lole wa ku Ndirande. Amabwera kawiri pa mwezi, ndipo avomera kumakusiyirani makalata pa benchi lanu la tomato pa msika wa Luwanda.

Pa Khrisimasi munandifunsa kuti sukulu yangayi ndi ya chiyani kwenikweni, ine n'kuyankha m'Chizungu, inu n'kukwiya. Lero ndiyese m'Chichewa. Ndikuphunzira za afisi. Musaseke. M'mawa uliwonse ndimatsata mapazi awo n'kumatola ndowe zawo m'timabotolo. M'ndowemo muli mahomoni, timadzi ta m'thupi timene timauza nyama kuti ino ndi nthawi yoopa, yomenyana kapena yobereka. Tikayeza timadziwa fisi amene ali ndi nkhawa. Kwa afisi wolamula ndi wamkazi, achemwali, ndipo mwana wake amabadwa ali wamtopola kale, mahomoni a mayi ake atamukonza m'mimba. Timatolanso ubweya kuti tione majini awo, tidziwe kuti uyu bambo ake ndani. Mwezi wa Marichi ndi umene ndaudikira zaka ziwiri. Tidzagoneka afisi khumi ndi mankhwala n'kuwatenga magazi. Popanda magazi amenewo digiri yanga palibe.

Ndikudziwa munakhumudwa kuti sindinakhale nawo poika chiliza cha amayi. Sindinanyoze ayi. Galimoto yobwera kuno inali imodzi yokha.

Mundilembere zonse, ngakhale miseche.

Mng'ono wanu,
Alinane

Machinjiri, Blantyre
4 Febuluwale 2024

Alinane,

Moni. Kuno tilipo, kaya iwe ndi afisi akowo. Kalata yako a Haruna andipatsa, ndawerenga pamsika pomwepa pakati pa makasitomala.

Koma iwe, majini atinso? Amayi anatilera mumpingo, lero ukusaka majini m'ubweya wa fisi? Alamu ako aseka mpaka kutsamwa. Akuti iwo amasula ndowa ku Chirimba popanda digiri, iwe ukutola ndowe ndi digiri, kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi.

Za chiliza ndazimva, koma amene ndinkayankha mafunso a anthu ndine. Azakhali anandifunsa katatu kuti kodi wophunzira uja ali kuti. Ndisanene zambiri.

Foni yanga anaba mu minibasi pa Kameza, ndiye usavutike n'kuimba. Mvula yanyanya, tomato akuolera pabenchi. Tadala wayamba kulemba dzina lake, koma d amamuyang'anitsa kumbuyo. Akuti anti amubweretsere mchira wa fisi. Ndamukalipira, anthu angamve n'kuyamba kutinena.

Poti ndiwe wa zinyama, tandiuza za Sajeni, galu wathu uja. Sabata yathayi wasintha. Galu wouwa chotere uja anangoti zii, kumabisala kuseri kwa matumba a makala, kenaka kumatafuna miyala ndi nsanza. Lachinayi Tadala anapita kukamupatsa chakudya, iye n'kumuluma pa katumba. Si bala lalikulu, mano awiri basi. Ndinatsukapo ndi madzi a mchere, aneba n'kuwotcha ubweya wa galuyo kupakapo monga timachitira. Abambo a Tadala anamugwira galuyo n'kumumangirira pa mtengo wa mapeyala. Akuti mwina wadya mankhwala a makoswe. Kapena nayenso ali ndi mahomoni ako aja?

Ulembe msanga.

Mkulu wako,
Selina

Ku msasa
17 Febuluwale 2024

Achemwali,

Moni, koma musawerenge muli chikhalire. Nyamulani Tadala mupite naye kuchipatala lero lomwe.

Kalata yanu yandipeza patapita masiku khumi ndi atatu. Madzi anadula msewu, a Haruna anagona panjira sabata yathunthu. Ndaimba nambala yakale ya alamu pa foni ya setilaiti, siikupezeka. Ndawapempha a Haruna kuti akangofika pa netiweki aimbire akazi awo athamangire kwa inu.

Zimene mwalemba za Sajeni si mankhwala a makoswe. Ndi chiwewe. Galu wouwa akangoti zii, wofatsa akayamba kulusa, akamatafuna miyala, ndiye kuti kachilombo kafika mu ubongo ndipo kadzaza m'malovu. Kwa munthu kamalowera pabala n'kumakwawa pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika kumutu. Kamatha kuyenda mwezi umodzi, iwiri, itatu, munthu akusewera bwinobwino. Bala limapola koma iko kakuyendabe. Katemera amakagwira kakadali panjira. Koma munthu akangoyamba kumva kuyabwa kapena dzanzi pa chipsera, n'kumakanika kumeza madzi, palibe dokotala pa dziko lapansi amene angamubweze. Ndinawaonapo anthu awiri. Sindikufuna kukufotokozerani.

Aliyense amene galuyo anamuluma, kumukanda kapena kumunyambita pabala abayidwenso. Funsani nyumba zonse.

Achemwali, ubweya wowotcha? M'tauni, chipatala chili pafupi? N'chifukwa chiyani simunapite tsiku lomwelo? Ndipo Sajeni anabayitsidwa liti komaliza? Ndinawauza alamu chaka chatha, anangoseka.

Lole yayaka kale. Pitani.

Alinane

Machinjiri
27 Febuluwale 2024

Alinane,

Moni. Tili moyo.

Uthenga wako unafika kalata isanafike. Akazi a Haruna anatsika kabaza pa Luwanda n'kukuwa ali patali kuti, "A Selina ndi ati? Mwana wanu ali ndi chiwewe!" Msika wonse unamva. Mpaka lero anthu akulambalala benchi langa, ndipo ana a aneba aletsedwa kusewera ndi Tadala. Kenaka kalata yako, yondifunsa ngati ndine mwana wa sukulu. Ine sindinafike ku yunivesite, Alinane. Ndinalekezera Fomu 2 kuti ndizisamalira amayi iwe ukuwerenga. Chimene ndinkadziwa ndi chimene ndinachita.

Koma tizisiye. Ndili ndi mantha.

Sajeni anafa pa 6, chibwano chili lende, dovu likuchucha. Tinamukwirira. Nditamva uthenga wako ndinabereka Tadala kupita ku chipatala chathu chaching'ono. Anati ndikatenge kaye kalata kwa alangizi a ziweto. Kumeneko anandifunsa mutu wa galu, ndinati waola kale m'dothi, anandilembera kalatayo akupukusa mitu. Kuchipatala chachikulu ndinapeza anthu odzaza benchi, onse olumidwa. Namwino anatuluka n'kuti, "Katemera watha, mudzayesere Lolemba." Lolemba ndinapita. Lachinayi ndinapita. Dzulo ndinapitanso. Ndazungulira mafamase a ku Limbe ndi m'tauni, onse akuti akudikira oda. Mmodzi anandiuza kuti ndiyesere ku Lilongwe, koma sakulonjeza.

Tadala akungosewera. Bala linapola, pangotsala timadontho tiwiri. Ndikamamusambitsa ndimapayang'ana n'kumadzifunsa kuti kaya kachilombo kako kaja kafika pati, pabondo kapena m'chiuno.

Ndafunsa nyumba zonse, palibe wina analumidwa. Abambo a Tadala kalata yako anaiwerenga katatu. Za kubayitsa galu zija zawalowa kwambiri. Masiku ano sadya bwino. Akaweruka amangomunyamula mwanayo paphewa n'kumazungulira naye pabwalo.

Iwe umadziwa anthu ophunzira, umadziwa polowera. Asiye afisiwo ubwere. Pa chiliza sunabwere, ndakhululuka. Apa usandisiye ndekha.

Selina

Ku msasa
5 Marichi 2024

Achemwali,

Moni. Pepani chifukwa cha mawu anga aja. Anali mantha, sikunali kunyoza.

Kubwera sindingathe. Pasipoti yanga ili ku ofesi ya boma ku Lichinga, akukonza chilolezo chokhalira kuno, ndipo popanda iyo pa Chiponde sindingadutse. Ndikudziwa mmene zimvekere kwa inu. Ndikhulupirireni.

Koma a Haruna anyamula kabokosi ka buluu kozizira. M'katimo muli timabotolo ta katemera. Ndi wokwanira munthu mmodzi, palibenso wina, choncho mukasamale ngati dzira. Musakatsekule panjira, musakaike padzuwa. A Haruna alonjeza kuti sagona panjira, ndipo akagula ayisi wina ku Mangochi. Kakangofika thamangani nako kwa namwino pamodzi ndi pepala la a Dokotala Ramsey limene ndaikamo. Jakisoni aliyense akhale pa tsiku lake, osadumphitsa.

Masiku apita makumi atatu ndi atatu. Ngati Tadala akumwa madzi bwinobwino, nthawi ikadalipo.

Alinane

Machinjiri
14 Marichi 2024

Mng'ono wanga,

Moni wa chimwemwe, kwa nthawi yoyamba chaka chino. Tadala wabayidwa jakisoni womaliza lero.

A Haruna anafika pa 7, maso ali psuu, kabokosi atakakulunga mu jekete yawo. Ndinakwiya nditaona kuti iwe palibe, ndinanena mawu oipa pamaso pawo. Iwo anandiyang'ana n'kuti, "Mayi, mukudziwa kuti mankhwalawa ndi a ndani? Ndi a mng'ono wanu. Amamusungira mufiriji kuti fisi akamuluma apulumuke. Wasainira kuti popanda amenewa sagwiranso nyama. Anzake akugoneka afisi mwezi uno, iye azingoonerera ali m'galimoto." Akuti digiri yako yabwerera m'mbuyo chaka chathunthu, mwinanso osaipeza. Bwanji sunalembe? Ndinakhala pansi pamsika n'kulira, anthu n'kumaganiza kuti mwana wamwalira.

Kuchipatala tinapeza namwino wabwino, dzina lake Madina. Anati masiku ano sabaya botolo lonse mumnofu, amabaya pang'ono chabe pansi pa khungu, mapewa onse awiri, ndipo amagwira ntchito chimodzimodzi. Botolo likatsekulidwa silidikira mawa, ndiye anandipempha kuti wotsalayo athandize ena a pabenchi. Ndinavomera. Anabaya mayi wina wa ku Chilomoni ndi mwana wake wamkazi, masiku onse atatu. Katemera wako wa munthu mmodzi wapulumutsa atatu.

Abambo a Tadala sanapite nafe, ali ndi oda ya ndowa za sukulu ina, akumachoka m'mamawa. Chibwerere kabokosi kaja ayambanso kuseka, amusulira Tadala kandowa kakekake. Za katemera wotsala uja ndawauza lero pa chakudya. Anangoti, "Eti? Anatsala?" n'kusiya mbale kutuluka panja. Amuna sungawamvetse.

Undikhululukire zonse. Ulembe.

Mkulu wako,
Selina

Chirimba
19 Marichi 2024

Mlamu,

Moni. Ndine Januario. Sindinakulembereni chikhalire, dzanja langa ndi la nyundo, mupirire zilembo.

Tsiku limene Sajeni analuma mwana, pomumangirira pamtengo anandiluma inenso. Chala chachikulu cha kumanja, mano analowa ndithu. Selina ndinamuuza kuti ndachekedwa ndi lata. Poyamba ndinabisa chifukwa cha manyazi. Galuyo ndinabwera naye ndine, ndipo munandiuza za kubayitsa ine n'kuseka.

Kalata yanu itafika ndinamva zonse. Ndinapita ndekha kuchipatala kawiri, anati watha. Ndinaona kuti ndikamuuza Selina, azisaka wa anthu awiri pamene wa mmodzi akusowa. Kenaka kabokosi kanabwera, inu n'kulemba kuti ndi wa munthu mmodzi. Ndinati basi, nkhani yatha. Mkazi asamafunsidwe kuti asankhe pakati pa mwana ndi mwamuna. Ndinasankha ndekha, ndipo mtima unakhala pansi. Zoti amagawa pang'onopang'ono sindinkadziwa. Ndinamva timabotolo titatha, chala chitayamba kale kuyabwa dzulo lake.

Tsopano dzanzi lafika paphewa. Thupi likutentha. Lero m'mawa mnzanga wandipatsa tiyi, ndafikitsa kapu pakamwa, khosi n'kutsekeka lokha. Ndayesa katatu. Ludzu ndili nalo. Mphepo ikalowa pakhomo ndikumadzidzimuka ngati andimenya. Zonse munalemba zija ndi zoona, mlamu. Sukulu yanu si yamasewera.

Masiku awiri awa ndagona kuno ku shedi, ndanamizira oda, kuopa kuti malovu anga angamukhudze mwana. Ndikamaliza kulemba ndisiya kalatayi kwa akazi a Haruna, ndipite kuchipatala ndi miyendo yanga mutu ukadali wanga. Sindikufuna Tadala adzandione atandimanga.

Ndikupempha ziwiri. Musadziimbe mlandu ndi mawu aja a munthu mmodzi. Munalemba chimene munkadziwa. Chachiwiri, Selina ndi wolimba pakamwa pokha. Mukamasuka mubwere mukhale naye. Zida zanga asagulitse msanga, anthu angamubere. Mwana apite sukulu mpaka pamene mwafika inupo.

Ndatopa, cholembera chikugwa.

Mlamu wanu,
Januario

Ku msasa
23 Marichi 2024

Achemwali okondedwa,

Moni! Kalata yanu ya pa 14 ndaiwerenga kasanu, ndavina mpaka a Dokotala Ramsey kutuluka mutenti. A Haruna ndi olongolola, sanayenera kukuuzani. Za digiri musadandaule, afisi sakusamuka. Anthu atatu! Namwino ameneyo mukamuthokoze m'malo mwanga, njira imeneyo ine sinandifikire n'komwe m'mutu.

Pasipoti akuti ituluka mwezi wamawa. Alamu muwauze kuti ndawakhululukira za ndowa ndi ndowe zija, koma andisulire yanga. Tadala mumupsompsone.

Wanu,
Alinane

Machinjiri
7 Epulo 2024

Alinane,

Moni. Kalata yako yovina ija inandipeza tili pa tsiku lachitatu la maliro. Abambo a Tadala anatisiya pa 23 Marichi, tsiku lomwe unkailemba. Tinawaika ku manda a kuno konkuno.

Ndaikamo kalata imene anakulembera. Akazi a Haruna anandipatsa pamaliro, ndipo ndinaitsekula. Iwerenge kaye, kenaka upitirize yangayi.

Anandiitana kuchipatala tsiku lachiwiri abambo a Tadala atagonekedwa. Anali m'kachipinda kaokha. Atandiona anati, "Ima pomwepo, mayi a Tadala, usayandikire." Ankayankhula bwinobwino, kenaka chimawagwira, kenaka n'kubwereranso n'kuyamba kupepesa anamwino. Anandipempha kuti ndichotse botolo la madzi pawindo chifukwa kungoliona kunkawapweteka. Zaka khumi ndi chimodzi ndawaphikira munthu ameneyu, ndinalephera kuwapatsa ndi dontho lomwe. Ndinawafunsa kuti bwanji simunandiuze. Anati, "Ukanatani?"

Sindikunamiza, masiku oyambawo ndinakuda. Ndinkati ukanapanda kulemba kuti munthu mmodzi. Kenaka ndinadzida ndekha, ine amene ndinachapa nsanza ya magazi ya pachala chija osafunsa kawiri, ine amene ndinagawira anthu osawadziwa mwamuna wanga ali ku Chirimba. Mayi wa ku Chilomoni uja anabwera kumaliro ndi mwana wake, ananyamula nkhuni pamutu. Ndinalephera kumuyang'ana, ndinalepheranso kumuthamangitsa. Tsopano ndatopa, sindikuda aliyense.

A Madina anandibaya inenso, poti katemera wafika tsopano kuchipatala. Akuti Tadala ali bwino, anabayidwa nthawi yake. Ndimamva, koma mtima sukumva.

Lachisanu m'mawa ndinamupatsa Tadala tiyi. Anafikitsa kapu pakamwa n'kuibweza. Ndinati imwa. Anapukusa mutu. Ndinagwada n'kumugwira mapewa, ndikukuwa kuti imwa, imwa, mpaka aneba anathamangira m'nyumba. Mwana akulira, ine ndikulira. Kenaka anati, "Amama, mulibe shuga." Ndinaiwala kuthira. Ndinathira, anamwa yense, ine ndikuyang'ana pakhosi pake mpaka kapu inatha. Tsopano akumandiopa ndikamubweretsera madzi.

A Haruna akuti pasipoti yako yatuluka. Usandiyankhe pa kalata, makalata andikwana. Ukwere lole yomweyi. Iwe unaphunzira za zinthu zimenezi, ndipo sunandinamizepo ngakhale pamene ndinkafuna kuti undinamize. Ubwere umuone mwanayu ndi maso ako, undiuze tsiku limene ndingasiye kuyang'ana pakhosi pake.

Ndine mkulu wako,
Selina